Thabwa la mayina ku kalabu yathu ya rugby: mmene ntchito ikuyendera

Kumapeto kwa Ogasiti

Ndati ndizilemba pano mmene ntchitoyi ikuyendera, china kuti ndisamaiwale zomwe tagwirizana ku komiti, china abale mwakhala mukundifunsa kuti ma weekend ano ndikumasowera kuti. Nkhani yake ndi iyi. Kalabu ya rugby komwe mwana wanga amasewera, m'katauni kena kakang'ono kuno ku Northamptonshire ku England, ili ndi thabwa la mayina a anyamata ake omwe anafera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Thabwalo analitsitsa pakhoma nthawi yomwe ankakonza bala ndi zipinda zosinthira, nde linakathera mu kontena ya kuseri pamodzi ndi mipira yophulika ndi majezi akale, zaka ndithu osalikumbuka. A komiti anamva mphekesera zoti ine kumudzi ndinali kalipentala ndisanabwere kuno kudzakoka ma shifiti a mu warehouse, basi ntchito yandigwera. Tagwirizana kuti pofika Remembrance Sunday, tsiku lokumbukira ofera kunkhondo lomwe ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, thabwa likhale lili pakhoma komanso tikhale tikudziwa kuti dzina lililonse linali la ndani.

Thabwa lake ndi la oak, kulemera kwake ngati mbawa, likaima limandifika pachifuwa. Chinyezi chalowa m'munsimu, guluu wa m'makona wasiya, mbali imodzi yafumbwa, timabowo ting'onoting'ono tangoti mbwee. Vanishi wada mpaka zilembo za golide zikuoneka movutikira. Mayina alipo 17, ndiye kuti timu yathunthu ya anthu 15 ndi awiri apadera, kuchokera m'tauni yoti ngakhale lero ukhoza kuizungulira wapansi osatopa. Palibe zaka, palibe gulu la nkhondo, palibe komwe anafera, anangolemba chilembo choyamba ndi dzina la bambo basi. Ndawafunsa madala omwe amakhala pa bala Loweruka lililonse ngati akudziwapo ngakhale mmodzi, onse akungoti takhala tikuliona chikhalire, koma woti anene nkhani ya munthu mmodzi yekha palibe.

Sabata yoyamba ya Seputembala

Ndalitengera ku galaja kwanga kuti liume pang'onopang'ono, kutali ndi hita, apo ayi lipindika. Mtima wa ukalipentala ukufunitsitsa kutenga sandipepa nkupala zonse mpaka liwale, koma a War Memorials Trust, bungwe lomwe limathandiza anthu kusamalira zikumbutso zoterezi kuno, amalangiza kuti uzichita zochepetsetsa, zomwe anasiya akale osazifafaniza. Nde ndikungopukuta ndi thonje kachigawo kamodzikamodzi, kuyambira pakona pomwe palibe zilembo. Mankhwala a tizilombo ndabaya m'timabowo ndi jekeseni. Makona ndimata ndi guluu wachikale uja wosungunula pamoto, ubwino wake wina akhoza kudzamasula mtsogolo osaswa thabwa, guluu wa masiku ano akagwira wagwira.

Usiku ndikumawerenga kuti ndimvetse kuti kalabu yaing'ono chonchi inataya bwanji anthu ochuluka chotere. Britain italowa nkhondo pa 4 Ogasiti 1914, bungwe loyendetsa rugby ku England la RFU linaimitsa magemu mu Seputembala chaka chomwecho nkulimbikitsa osewera kuti akalembetse usilikali, pomwe ligi ya mpira wamiyendo inapitirirabe mpaka season ya 1914-15 kutha ndipo inatukwanidwa nazo heavy. Bwalo la timu ya dziko la Twickenham linasanduka podyetsera ziweto. Anyamata ankapita kukalembetsa m'magulumagulu, anzake a timu imodzi tsiku limodzi, kukaikidwanso gulu limodzi, nde tsiku likaipa limaipira onse pamodzi. England inataya osewera a timu ya dziko 27, Scotland 31, New Zealand 13. Gemu ya Calcutta Cup, ya England ndi Scotland, ya mu Malichi 1914 pa Inverleith ku Edinburgh, England inawina 16-15, mwa anthu 30 omwe anali m'bwalo tsiku limenelo 11 sanaione nkhondo ikutha. Kaputeni wa England pa gemuyo, Ronald Poulton Palmer, anaomberedwa ku Ploegsteert ku Belgium mu Meyi 1915. Koma awa ndi otchuka, nkhani zawo zili paliponse. Athu 17 aja ndi omwe akufunika thukuta.

Pakati pa Seputembala

Loweruka ndinalowa mu Northampton kukaona mmene akuluakulu amachitira, chifukwa kuno ukangotchula rugby ndi nkhondo aliyense amati Mobbs. Edgar Mobbs anabadwa 1882, anakhala kaputeni wa Northampton Saints zaka zingapo, anaseweranso timu ya England ka 7 mu 1909 ndi 1910. Nkhondo itayamba anakapempha kukhala ofisala, anamukana ati wakula, anali ndi zaka 32. Mkuluyu sanabwerere kunyumba kukadandaula ayi, analembetsa ngati msilikali wamba nkuitana anzake a zamasewera kuti amutsate, anabwera oposa 250 nkupanga kampani yawoyawo mu batalioni ya 7 ya Northamptonshire Regiment. Pofika 1916 wokanidwa uja ndi amene ankalamula batalioni yonse ngati Lieutenant Colonel. Anavulala katatu, kumabwererabe. Pa 31 Julaye 1917, tsiku loyamba la nkhondo ya Passchendaele, anaphedwa cha ku Zillebeke akuthamangira pomwe panali mfuti ya chiwaya ya ma German yomwe inawatsekereza anyamata ake. Thupi silinapezeke. Dzina lake lili pa Menin Gate ku Ypres limodzi ndi ena oposa 54,000 opanda manda, pamalo paja amaimba lipenga 8 koloko madzulo aliwonse.

Chipilala chake chili pa Abington Square, koma chomwe chinandiimitsa nthawi yaitali si chifanizo chakecho, ndi khoma la mayina lomwe lili pomwepo. Chikumbutso chachikulu cha tauniyi, cha pa tchalitchi cha All Saints, chomwe anajambula Edwin Lutyens nkutsegulidwa 1926, nchokongola shuwa koma chilibe dzina la wakufa ngakhale mmodzi. Anthu sanakhutire nazo, a British Legion, bungwe la asilikali akale, analimbikira mpaka mu 1937 anatsegula munda wa pa Abington Square wokhala ndi mayina, nkusamutsirako chipilala cha Mobbs kuchoka pa Market Square pomwe chinali kuyambira 1921. Ndiye kuti mkangano wa mayinawu si wa lero, anthu akhala akufuna kuona dzina la mwana wawo, mwala wokongola pawokha sunawakwanire.

Koma njira yeniyeni yomwe anthu a rugby amamukumbukira Mobbs ndi gemu. Mobbs Memorial Match inayamba 1921 pa Franklin's Gardens, timu ya chigawo chino ya East Midlands kuswana ndi Barbarians, timu ya osewera oitanidwa kuchokera m'makalabu osiyanasiyana, ndipo zinakhala choncho zaka zambirimbiri, kenako anasintha kuti timu ya British Army izikumana ndi Saints kapena Bedford Blues. Kuyambira 2022 England ndi Australia akamasewera amalimbirana Ella-Mobbs Trophy. Ku New Zealand nako makalabu a ku Auckland amalimbirana Gallaher Shield kuyambira 1922, kukumbukira Dave Gallaher, kaputeni wa timu ya dziko lawo, All Blacks, ya 1905 yemwe anafera ku Belgium komweko mu Okutobala 1917. Ine nzeru imeneyi yandisangalatsa, thabwa limatha kukathera mu kontena monga lachitira lathuli, koma gemu ikalowa pa kalendala chaka chilichonse pamapezeka mwana wofunsa kuti kodi ameneyu anali ndani. Ndikalitula ku komiti ganizoli.

Pobwerera ndinadzera pa Sixfields pomwe pali chikumbutso cha Walter Tull, wa mpira wamiyendo uyu, wa Northampton Town, mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kukhala ofisala wotsogolera asilikali a Britain kunkhondo. Anaphedwa mu Malichi 1918, nayenso alibe manda. Si wa rugby koma sindikanadutsa osaima.

Kumapeto kwa Seputembala

Kufufuza ndi kumene kukudya nthawi kuposa thabwa lenilenilo. Tilipo atatu, ine, mayi ena omwe anali aphunzitsi a history anapuma, ndi mnyamata wa timu yachiwiri amene amazitha za kompyuta. Poyambira ndi webusaiti ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera kunkhondo, muli mayina pafupifupi 1.7 miliyoni a nkhondo ziwiri zonse, ndi yaulere, umangolemba dzina nkukupatsa gulu, nambala ya usilikali, tsiku lomwalira ndi manda kapena chipilala chomwe analembedwapo. Vuto nloti ukalemba chilembo chimodzi ndi dzina lofala kuno, monga lomwe lili pa mzere wachitatu wa thabwa lathu, amatuluka anthu mazanamazana. Mafayilo a asilikali wamba omwe akanatithandiza ambiri anapsa mu 1940 bomba la ma German litagwera nyumba yomwe ankasungiramo ku London, otsalawo ena ndi opserera m'mbali. Nde umayenda mozungulira, makadi a mamendulo a ku National Archives ku Kew, kalembera wa 1911 kuti uone ngati munthuyo ankakhaladi m'tauni muno ndi ntchito yomwe ankagwira, kenako nyuzipepa zakale monga Northampton Mercury ndi Northampton Independent zomwe zinkalemba za ophedwa sabata ndi sabata, zina ndi zithunzi zomwe.

Chomwe chatipulumutsa ndi buku la maminitsi a kalabu, amayi aja analipeza m'katoni kunyumba kwa sekilitale wakale. Muli mndandanda wa olipira ndalama ya umembala season ya 1913-14, ena ndi ma adiresi omwe. Mlembi wa nthawi imeneyo anali munthu wosatopa ndi cholembera, mpaka amene anabwereka jezi osabweza alimo, amene sanalipire ya basi... pepani, ya sitima yopitira ku gemu ya koyenda alimonso, ndikukhulupirira anzake ankamuona ngati wovuta koma kuvuta kwakeko ndi kumene kwatipatsa anthu lero.

Pofika pano 13 tawatsimikiza. Ambiri anali a m'mafakitale a nsapato, dera lino ndiye kunali kuchimake kwa nsapato ndipo jombo zambiri za asilikali zinkasokedwa konkuno, nde ena anapita kunkhondo atavala jombo zoti mwina chikopa chake anadula okha. Awiri anafa tsiku limodzi, 9 Meyi 1915 ku Aubers Ridge, tsiku lomwe mabatalioni a 1 ndi 2 a Northamptonshire anatha koopsa m'maola ochepa chabe. Atatu anamutsata Mobbs mu batalioni ya 7, mmodzi wa iwo anathera ku Loos kumapeto kwa Seputembala 1915 atangokhala ku France milungu itatu, anawaponya kutsogolo atatopa ndi kuyenda, nkhondo asanaionepo nkomwe. Wina anafera ku Gaza mu Epulo 1917, anthu ambiri kuno akamati nkhondo yoyamba amangoganiza za matope a ku France ndi Belgium, za ku Palestine amaiwala. Wina anasamukira ku Canada nkhondo isanayambe, tamupeza m'mafayilo a kumeneko omwe ali pa intaneti athunthu osapsa, mpaka dzina la mayi ake ndi msewu wa m'tauni muno zilimo.

Dzina lofala lija latitsalira anthu awiri, onse a m'tauni muno, chilembo choyamba chimodzimodzi, misinkhu yoyandikana, wina anafa 1916 ku Somme wina 1918, ndipo mlembi wathu uja pa ameneyu yekha sanalembe adiresi. Mnyamata wa kompyuta akuti tingosankha wa ku Somme poti mapepala ake akuonetsa kuti anali wamtali ndi wa chifuwa, ati akuoneka fowadi, osewera a matupi akuluakulu aja. Amayi aja akaniratu, ati mbiri sitilemba ndi maonekedwe. Ine ndili mbali ya amayi, mu rugby muli ndi aafupi omwe.

Sabata yoyamba ya Okutobala

Miting'i ya komiti inatentha. M'buku la maminitsi tapezamo anthu atatu omwe anali mamembala, anapita kunkhondo, anafa, koma pa thabwa palibe. Woyamba ndi wosavuta, anamwalira ndi mliri wa fuluwenza mu Febuluwale 1919 akadali msilikali, a Commission amamuwerenga chifukwa malire awo a nkhondo yoyamba ndi 4 Ogasiti 1914 mpaka 31 Ogasiti 1921. Wachiwiri anasewera season imodzi nkusamuka, mwina omwe ankapanga thabwa sanamve za imfa yake. Wachitatu ndiye wagawanitsa anthu. Anapuma mpweya wa poizoni ku France, anabwerera kunyumba chifuwa chitatheratu, anavutika zaka mpaka kumwalira 1923. Ku Commission kulibe, anadutsa malire ndi zaka ziwiri. A msungichuma akuti titsate malamulo a Commission basi, tikatsegula chitseko tidzathera kuti, nanga womwalira 1930, nanga amene anadzipha nkhondo itatha. A kochi a ana akuti munthuyu inamupha ndi nkhondo, deti ndi ya m'maofesi chabe, kalabu si boma, ikhoza kukumbukira amene ikufuna. Mawu anakwera ndithu, azungu akamakangana amayamba ndi "with respect" ndiye udziwe kuti ulemu watha kkkk.

Anandifunsa maganizo poti thabwa lili m'manja mwanga. Ndinati pa thabwa lakale sindionjezerapo chilembo ngakhale chimodzi, omwe analipanga ankawadziwa anyamatawa maso ndi maso, anali abale awo ndi anzawo, likhale mmene analisiyira. Koma ndikhoza kupanga kathabwa kena ka oak kokhala m'munsi mwake, kolembedwa kuti awa tawapeza pambuyo pake, ndipo wa 1923 akhalepo. Pa funso la a msungichuma la wodzipha ndinati tikamupeza nayenso alembedwe, anangondiyang'ana osayankha. Tinavota, zadutsa. A msungichuma sanakweze mkono koma ati ndalama atulutsa.

Pa kathabwa komweko palowanso anayi a nkhondo ya 1939 mpaka 1945, omwe mayina awo anali pa pepala chabe mu fulemu kuseri kwa bala, pakati pa botolo la whisky ndi chithunzi cha timu ya kalekale. Awiri anali a ndege a Bomber Command, gulu lomwe linataya anthu oposa 55,000.

Ganizo la gemu alilandira, koma a tcheyamani anatikumbutsa za ku Bristol. Kumeneko anamanga bwalo lathunthu, Memorial Ground, mu 1921 pokumbukira osewera rugby a mumzindamo, koma timu ya rugby inachokapo mu 2014 kupita ku Ashton Gate, lero pamasewera Bristol Rovers ya mpira wamiyendo, mageti a chikumbutso ndi omwe atsala akunena nkhaniyo. Iwo akuti chilichonse chomwe tiyambitse chilowe m'malamulo a kalabu, chisadalire ife omwe tilipo lero, mawa ana akakula ife tidzasiya kubwera. Nde zalembedwa, gemu ya pakhomo yoyandikira 11 Novembala, tsiku lomwe nkhondo yoyamba inatha, izikhala ya chikumbutso, ndipo thabwa silidzatsitsidwanso popanda chilolezo cha komiti yonse.

Pakati pa Okutobala

Zochepa sabata ino, ndinali pa ma night. Makona agwira, ndapaka wakisi wopyapyala osati vanishi. Zilembo za golide pa thabwa lakale sindinazikhudze, zatuluka zokha litsiro litachoka. Za kathabwa katsopano tapeza mkulu wina wolemba zikwangwani pamanja, ntchito yoti yatsala ndi anthu ochepa kuno, amamata golide weniweni wopyapyala kuposa pepala, ukapumira pafupi amauluka. Atatchula mtengo a msungichuma anagwira mutu, koma makolo asonkha pogulitsa makeke ndi tiyi Lamulungu mmawa ana akamasewera, yakwana. Komwe tinaoda matabwa anatumiza oak wosauma bwino, ndabweza, ndagula kwina. Khoma tasankha la mkati, loyang'anizana ndi khomo lomwe osewera amatulukira polowa m'bwalo, kutali ndi paipi ya hita. Kumbuyo ndisiya kampata koti mpweya uzidutsa.

Kumapeto kwa Okutobala

Amayi aphunzitsi aja anandifunsa tikumwa tiyi kuti kodi kwanu nkhondoyi inafikako? Ndinayamba ndaseka. Ndinawauza kuti pa 13 Ogasiti 1914, asilikali awo asanakumane nkomwe ndi ma German ku Mons, sitima ya Guendolen inali itaombera kale sitima ya ma German ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo mu Seputembala anthu anaphana pa Karonga. Amuna a ku Nyasaland analowa gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) zikwizikwi, koma ochuluka zedi, pafupifupi 200,000, anatengedwa ngati tengatenga, kusenza katundu pamutu kutsatira asilikali mpaka mkati mwa dziko lomwe lero ndi Tanzania komanso Mozambique, ambiri mokakamizidwa kudzera kwa mafumu, kumafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. John Chilembwe analemba kalata ku Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914 kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yomwe si yawo. Amayi aja zaka zonse zomwe anaphunzitsa history izi anali asanazimvepo, ndipo ananena okha mosabisa.

Kwathu timangodziwa kuti mchimwene wawo wa agogo awo a bambo anga anatengedwa nthawi ya nkhondo ya chiwaya ndipo sanabwerere. Dzina lake lenilenilo azakhali amatchula lina, amalume lina. Pa nsanja ya KAR ku Zomba pali mayina a asilikali, koma a tengatenga analibe mlembi wovuta wowalemba m'buku la maminitsi. A Commission omwe aja anavomera okha mu lipoti la 2021 kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a kum'mawa kwa Africa ndi Egypt, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Ayamba kukonza, mu Januwale 2025 anatsegula chikumbutso ku Cape Town cha anthu akuda oposa 1,700 a magulu ogwira ntchito ndi onyamula katundu, aliyense mtengo wake wolembedwa dzina. Ine pano ndikudziwa nambala ya nyumba, ntchito, msinkhu ngakhale mtundu wa maso wa anyamata a tauni ya eni, zoti za wanga sindingazipeze ngakhale nditafufuza mpaka kukalamba. Sindikuwachitira nsanje anyamatawa, anali amphawi okhaokha osoka nsapato, nawonso nkhondoyo sanaiyambe ndi iwo. Koma zimawawa.

Amayi aja anapita nazo ku komiti, ena anafuna tiike mzere wa tengatenga pa kathabwa katsopano. Wakana ndine. Thabwa ndi la mamembala a kalabu, tikayamba kusakaniza pofuna kundisangalatsa ine litaya tanthauzo, ndipo anthu 200,000 sungawapanikize pa mzere umodzi wa m'munsi ngati mawu oiwalika. Tagwirizana kuti pa tsikulo ndipatsidwe mphindi zochepa ndilankhule, komanso pa tebulo la zithunzi pakhale pepala la KAR ndi tengatenga, kuphatikizapo omwe anakamenya ku Burma mu 1944.

Remembrance Sunday, madzulo

Zatheka. Thabwa tinakhoma Lachisanu usiku, masikuluwu a brass, m'mabowo akale omwewo a thabwalo, kathabwa katsopano m'munsi. Gemu ya chikumbutso inali dzulo, tinaluza, scrum yathu ikubwerera m'mbuyo ngati... ayi ndisayambe, imeneyo ndi nkhani ina.

Lero ana onse kuyambira a zaka 6 mpaka ma colts, achinyamata omwe atsala pang'ono kulowa timu ya akulu, anaima mozungulira pakati pa bwalo, kukuzizira, mvula yowaza ija ya kuno. Tinayala majezi a kalabu pa udzu, jezi imodzi munthu mmodzi, 24 onse pamodzi. Mwana wosankhidwa amawerenga dzina, zaka, ntchito ndi komwe anafera, kenako nkuika poppy, duwa lofiira la chikumbutso, pa jezi. Zaka ndi ntchitozi ndi zomwe zinasintha zinthu, atawerenga kuti wodula zikopa, zaka 19, ma colts omwe ankakankhana kumbuyo anasiya okha popanda kochi kuwakalipira. Dzina lofala lija tinawerenga anthu onse awiri nkunena poyera kuti mmodzi mwa awa ndi wathu. 11 koloko mtsikana wa bandi ya sukulu anaimba lipenga, kenako mphindi ziwiri za chete, mwambo womwe unachokera ku Cape Town nkufika kwa King George V mu 1919 kudzera kwa Percy FitzPatrick wa ku South Africa, izi nditawauza a tcheyamani sanakhulupirire mpaka anayang'ana pa foni. Nkhata za maluwa anaika kaputeni wa timu yoyamba ndi wa timu ya amayi.

Zanga ndinalankhula mwachidule, mawu ananjenjemera pang'ono koma ndinamaliza. Bambo ena a ku Zimbabwe omwe mwana wawo ali timu imodzi ndi wanga anabwera kudzandigwira mkono, ati agogo awo anali ku Burma ndi Rhodesian African Rifles, chaka chamawa abweretsa chithunzi tiike pa tebulo.

Chomwe sitinayembekezere ndi agogo ena aakazi omwe anabwera ndi ndodo, mu chikwama muli mbale ya bronze yozungulira, zija boma linkatumiza ku banja lililonse lotaya munthu, anthu amati Dead Man's Penny, yolembedwa dzina lokha popanda udindo. Dzina lake ndi limodzi mwa atatu omwe tinalephereratu kuwapeza. Anali amalume awo, mchimwene wa mayi awo, iwo sanawaonepo. Ati anamva kwa neba kuti kalabu ikuwerenga mayina, ndipo kunyumba kuli makalata m'chitini cha mabisiketi. Amayi aphunzitsi apangana nawo Lachitatu, ndawauza kuti asaiwale kujambula ndi kuseri kwa ma envelopu komwe.

Zotsala zilipo ndithu. Awiri sitinawapezebe, ndi wa dzina lofala uja, amayi akufuna akayang'ane ku Northamptonshire Record Office ngati nyuzipepa za 1913 zinalemba mndandanda wa timu ndi chilembo chachiwiri. Mnyamata wa kompyuta akusanja kabuku ka tsamba limodzi munthu mmodzi kuti kazikhala pa bala, ndipo alembetse thabwa lathu mu War Memorials Register ya Imperial War Museums pamodzi ndi zithunzi. Ine mu Januwale ndidzalitsitsira tochi kumbuyo ndione ngati chinyezi sichinabwerere komanso ngati timabowo tija sitikutulutsanso fumbi. A kochi ayambitsa kale nkhani yotengera ma colts ku Ypres chaka chamawa akaike nkhata pa Menin Gate, a msungichuma agwiranso mutu, ndipo ine wa pasipoti ya Malawi ndiyenera kuyambiratu za Schengen visa chifukwa malo okaperekera mafomu amadzadza msanga.